Mkwatibwi wa Munda wa Apongozi

Ndimadula msipu m'minda ya anthu oposa makumi atatu chaka chilichonse, ndipo palibe amene anadandaulapo kuti Tijani wasiya mizere yokhota. Thirakitala yanga ndi yakale, imatsokomola m'mawa ngati nkhalamba yosuta, koma ikangotentha imagwira ntchito. Munda umodzi wokha ndi umene ndinafika pouopa, wa apongozi anga, Ammi Ayashi ("Ammi" ndi mmene timaitanira akuluakulu mwaulemu). Uli kumtunda kwenikweni kwa mudzi, pamene minda imathera ndipo nkhalango ya thundu imayambira. Ukakwera phiri limenelo n'kutsikira kuseri, ndiye kuti uli ku Algeria.

Anthu amawaseka apongozi anga kuti amalimira mbawala, ndipo sakunama kwenikweni. M'mbali mwa khwawa anasiya mzere wa tchire ndi minga, mikono khumi m'lifupi, umene khasu silinaukhudzepo. Ziputu satentha. Pansi pa kasupe anamanga chomwera cha simenti chachifupi kuti ngakhale nkhwali zifikire madzi, n'kuikamo mwala wopendekeka kuti chogweramo chipeze potulukira. Waya wam'munsi wa mpanda wawo alibe minga, ndipo ndi wokwera, kuti tiana ta nyama tidutse osakandika. Nguluwe zokha ndi zimene amazitukwana mpaka makolo ake.

"Mbawala zinali pano agogo anga asanabadwe," amatero. "Obwera ndife. Kodi mlendo amalanda mphasa ya mwini nyumba?"

Mwa mbawala zonse panali yaikazi imodzi yong'ambika khutu lakumanzere. Mwezi wa Meyi ukafika inkasiyana ndi zinzake n'kutsikira kumunda kwawo kudzaswa. Mkuluyo ankaiyembekeza monga munthu ayembekezera mwana wake wamkazi wokwatiwa kutali.

Tsono kwathu kuno munda sudulidwa chisawawa. Umayambira m'mphepete n'kumazungulira kulowera pakati. Akuluakulu amati dalitso la munda limathawa chikwakwa, limathawira mkati, mpaka lonse limaunjikana pa kachigawo kotsiriza. Kameneko sitidula. Timakatcha mkwatibwi wa munda, ndipo timakasiya kuti barele wake akhwime. Akakhwima, amayi amabwera kudzamuzula ndi manja akuimba nthungululu, njere zake n'kuzisakaniza ndi mbewu ya chaka chamawa. Achinyamata ambiri anazisiya zimenezi, koma m'munda wa Ammi Ayashi ngakhale thirakitala imamvera mwambo.

Chaka chatha ndinaudula choncho mundawo. Ndinazungulira bwinobwino, ndikuimba, apongozi atatsikira kumzikiti. Nditatsala pang'ono kufika pa mkwatibwi ndinaona kuti kachigawoko kakula, ndinati ndizungulirenso kamodzi kuti kaoneke bwino. Mipeni ya thirakitala inagunda chinthu chofewa. Kanali kamwana ka mbawala, ka mawanga oyera pamsana. Phokoso linkakathamangitsira mkati pang'onopang'ono, ndipo katasowa kolowera kanangogona pansi, monga timachitira tiana ta mbawala tikaopa. Sindifotokoza mmene miyendo yake inalili. Ndinakamaliza msanga kuti kasavutike, ndinakakwirira, ndinatsuka mipeni pa kasupe, ndipo sindinauze munthu.

Mayi wake analira m'mphepete mwa nkhalango masiku atatu. Apongozi anamva kulirako, anafunafuna, ndipo atasowa kamwanako anati ndi Barudi, galu wa Si Lazhar, mwini munda woyandikana nawo ("Si" kwathu kuno ndi ngati kunena kuti "bambo"). Anthu awiriwa anakulira limodzi, anagwira limodzi ntchito yosenda makungwa a thundu zaka makumi awiri, koma tsiku limenelo ananyozana pamaso pa anthu. Si Lazhar, pofuna mtendere, anamanga galu wake pa unyolo pansi pa mkuyu. Mtendere wake sunabwere. Chaka chonse chinatha osapatsana moni, ndipo ine ndinkadutsa pa mkuyu uja kawiri pa tsiku nditayang'ana kumbali.

Chaka chino barele anakula bwino, wosakaniza ndi nyemba zazing'ono monga timadzalira wa ziweto. Wailesi inali itanena kuti Loweruka kubwera mvula, ndipo msipu ukanyowa uli pansi umaola. Popanda msipu umenewo ng'ombe ziwiri za apongozi sizingadutse miyezi yozizira ya chipale chofewa. Ndiye kunalibe zozengereza, tinagwirizana kuti ndidula Lachitatu.

M'mawa wa tsikulo mkazi wanga Mbarka anandiikira buledi wotentha ndi mafuta a azitona, iye n'kukhala pamaso panga osadya.

"Bambo akuti ya khutu ija yabweranso," anatero. "Dzana inali ndi mimba, dzulo anaiona ilibe."

"Zabwino zimenezo."

"Zabwino? Nanga bwanji buledi wakuuma pakhosi?"

"Wapsa kwambiri."

"Buledi wanga sapsa kwambiri, Tijani. Ndiyang'ane kuno. Malaya ako a magazi a chaka chatha aja anachapa ndani? Unati wadzicheka ndi waya. Munthu wodzicheka ndi waya amakhala ndi ubweya wofiira m'thumba?"

Ndinaika buledi pansi. Chaka chonse ndinkadziona wochenjera, osadziwa kuti ndimagona mphasa imodzi ndi mboni.

"Bwanji sunanene?"

"Ndimadikira kuti ndione ngati ndinakwatiwa ndi mwamuna kapena ndi thirakitala," anayankha akuchotsa mbale. "Tiye, ndikwera nawe. Ndiwatengera bambo tiyi."

Tinawapeza apongozi atakhala pamalo pawo pa masiku onse, pansi pa mtengo wa azitona wakutchire pafupi ndi chomwera chija, chipewa chawo cha mlaza chili pabondo. Mundawo unali zii, barele akungowerama ndi kamphepo. Penapake mmenemo munali kamwana ka masiku awiri, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo ngati kuti ndakaona ndi maso.

"Wachedwa, mkamwini," anatero. "Dzuwa silidikira anthu okonda bulangete. Yambira kumunsi kuja monga mwa nthawi zonse. Bisimila."

"Ammi, ndimati chaka chino tidule mwina."

"Mwina bwanji?"

"Ndiyambire mbali ya kumudzi, ndizipita ndi kubwerera, kukankhira kunkhalango. Chilichonse chili m'mundamu chipeze kothawira. Komanso tisanayambe, tiyende kaye ndi miyendo munda wonse."

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti tiswalire kuyang'ana kumadzulo.

"Ukuti ulipirikitse dalitso langa kulowa m'nkhalango? Likadye nguluwe? Zimenezi wazimva kuti, kwa anyamata a zankhalango aja ovala nsapato zonyezimira?"

"Mbawala ija yaswa, Ammi. Mwana wake ali mmenemu."

"Ndikudziwa kuti yaswa, ndine ndinakuuzani. Ndiye chifukwa chake timasiya mkwatibwi. Zaka zonsezi ndi tizilombo tingati tapulumukira mmenemo? Zinziri, mbira, zonse zimathawira pakati n'kupeza pobisala. Makolo sanali opusa."

"Makolo ankadula ndi chikwakwa, Ammi. Wa chikwakwa amaona pamene akuponda. Ine pamwamba paja ndimaona udzu wokha."

"Zaka zisanu ndi zitatu ukudula munda uno ndipo palibe chinachitika. Chaka chatha akanapanda galu wa munthu uja, bwenzi lero tili ndi mbawala ina yaikulu. Usandiphunzitse munda wanga. Liza chigalimoto chakocho."

Mbarka anali akuthira tiyi m'timatambula, ndipo sanadzutse mutu. Ndikanatha kukwera, n'kuyendetsa pang'onopang'ono, n'kumapemphera. Ndinaganizadi zimenezo, sindibisa. Ndinafika mpaka pogwira chitsulo chokwerera. Koma manja anga anakumbukira kugunda kofewa kuja, ndipo ndinadziwa kuti ndikakumvanso kachiwiri sindidzakweranso thirakitala moyo wanga wonse. Ndinabwerera n'kugwada pafupi ndi mkuluyo.

"Ammi, sanali Barudi."

"Wati chiyani?"

"Galu uja sanagwire kanthu. Ndinapha ndine, ndi mipeni iyi, pafupi ndi mkwatibwi. Ndinakakwirira ndekha. Ndinaopa kukuuzani."

Ndinayembekeza ndodo. Ndikanailandira ndi manja awiri, chifukwa ndodo imapweteka n'kutha. Iwo anangotenga tambula ya tiyi, anaiyang'ana, anaibwezera pansi osamwa. Pa chomwera panatera nkhwali ziwiri, zinamwa, zinapita. Anafunsa mwana wawo osandiyang'ana ine.

"Iwe unkadziwa?"

"Ndinkaganizira, bambo."

"Nyumba yonse ya anthu osalankhula," anatero motsitsa. Anavala chipewa, anaimirira pang'onopang'ono atagwira mtengo. "Kuyenda munda uno pafunika anthu anayi ndi chingwe chachitali. Ife tilipo atatu. Chingwe chachitali m'mudzi muno ali nacho ndi munthu mmodzi. Tsika ukamuitane, ndipo ukamuuze zimene wandiuza ine, mawu onse, osasiyako."

"Ammi, mwina mukanapita ndinu..."

"Ine ndili ndi yanga yokamuuza. Iwe yamba ndi yako. Mlandu suola, mwanawe."

Kuchokera kumunda kwa apongozi kufika kwa Si Lazhar ndi mtunda woti tiyi sangazizire, koma tsiku limenelo njira inatalika. Ndinamupeza akukonza goli la bulu pakhomo. Barudi anali pansi pa mkuyu, galu wamkulu woyera, ndipo pamene ankazungulira ndi unyolo wake panali patapangika bwalo la dothi lopanda ndi kaudzu komwe. Atandiona anagwedeza mchira. Zimenezo zinandipweteka kuposa chilichonse.

Ndinalankhula nditaimirira, maso ali pa nsapato zanga. Si Lazhar ndi munthu wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo akakwiya mudzi wonse umadziwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika goli pansi mosamala kwambiri.

"Bwereza," anatero. "Usauze ine. Uza uyo." Analoza galu.

Ndinatembenukira kwa galu n'kubwereza. Ndine bambo wa ana atatu, ndili ndi imvi m'ndevu, ndipo ndinapepesa galu pamaso pa mwini wake ndi bulu.

"Chaka chathunthu!" anakuwa tsopano. "Nkhandwe zinanditengera ana a mbuzi anayi galu ali pa unyolo! Pa ukwati wa mdzukulu wanga mpando wa Ayashi unali wopanda munthu! Iwe unabwera, unadya kusikusi mbale ziwiri, ndinakuona ndi maso angawa, mbale ziwiri! Unameza bwanji?"

"Sindikudziwa, Si Lazhar."

"Sukudziwa! Mimba yako ikudziwa." Anapuma mwamphamvu, anayang'ana kumtunda. "Ndiye nkhalamba yopanda mano ija ikufuna chiyani?"

"Chingwe chanu chachitali. Ndi inuyo. Mbawala ija yaswanso."

Anatukwana pang'ono, analowa m'khola, anatuluka ndi chingwe paphewa.

"Sindikupitira iwe kapena iye," anatero. "Ndikupitira mbawala."

Atakumana kumunda, akuluakulu awiriwo anaima motalikirana ngati atambala. Apongozi anavula chipewa.

"Lazhar, ndinakulakwira. Pakamwa panga panathamanga."

"Panathamanga liti? Pakamwa pako pamathamanga chibadwire. Gwira uko, chingwe chikukwawa pansi."

Kupepesana kwawo kunathera pomwepo. Tinamangirira tinsanza pa chingwe, ine ndi Si Lazhar tinagwira nsonga zake, apongozi ndi Mbarka anayenda pakati, aliyense ndi ndodo yopatulira barele. Tinayambira mbali ya kumudzi. Tinkayenda pang'onopang'ono, mame akunyowetsa mathalauza mpaka m'mawondo. Zinziri zinkabuka pansi pa mapazi athu n'kuulukira kunkhalango. Tinapeza chisa cha nkhwali cha mazira khumi ndi awiri, Mbarka anazikapo bango. Tinapeza fulu, amene Si Lazhar anamunyamula n'kukamuika m'tchire la kukhwawa akumuuza kuti afulumire, apo ayi mkamwini wa Ayashi amupeza.

Tinafika pakati pa munda osaona kanthu. Apongozi anandiyang'ana, ndipo ndinayamba kuopa kuti ndaulula pachabe. Manyazi ake ndi amenewo, koma ndi zimene ndinaganiza.

Ulendo wachisanu, chakumunsi pafupi ndi khwawa, Mbarka anaima n'kukweza dzanja. Tinasendera mwakachetechete. Kamwana ka mbawala kanali katagona pakati pa barele, miyendo itapindidwa pansi, khosi litatambasuka pa dothi, makutu atagona. Mukanaponda mkono umodzi kuchokera pamenepo osakaona. Maso ake okha ndi amene anali otsegula, ndipo m'nthiti munkagunda mofulumira. Malo amenewo ndikanadutsapo ndi mipeni pa kuzungulira kwachitatu.

Si Lazhar anatambasula dzanja, apongozi analimenya ndi ndodo.

"Usakagwire! Ukufuna mayi wake amve fungo la fodya wako?"

"Ndimangofuna kuona ngati ndi kamphongo."

"Udzakafunsa kakakula."

Tinabwerera chammbuyo. Apongozi anaima nthawi yaitali akuyang'ana pamalopo, kenako pakati pa munda pamene mkwatibwi amakhala zaka zonse, kenako kunkhalango. Ndinkaona kuti m'mutu mwawo muli nkhondo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri sasintha msanga zimene anaphunzira kwa bambo ake.

"Lazhar," anatero potsiriza, "kodi anati mkwatibwi amakhala pakati, kapena anati amakhala pamene pathawira dalitso?"

"Ine ndingadziwe bwanji? Wodziwa zonse ndiwe."

"Ndiye ndikuti ndi apa." Anazika ndodo yawo pansi. "Tijani, usiye mikono makumi awiri mbali zonse. Usiyenso kanjira kosadula kuchokera pano kukalumikiza tchire la kukhwawa. Mayi wake sangadutse poyera masana. Kwinako dula monga unanenera."

"Msipu ochuluka ndithu umenewo, bambo," anatero Mbarka.

"Ng'ombe zidzadya pang'ono. Zanenepa kale ngati mwamuna wako."

Tinazika mabango kuzungulira malowo ndipo ndinaliza thirakitala. Sindinayendetsepo pang'onopang'ono chotero chiyambire. Akuluakulu awiri aja ankayenda patsogolo panga, wina uku wina uku, akukangana za chaka chimene kunagwa chipale chofewa chambiri, ngati kuti anasiyira nkhaniyo dzulo. Dzuwa litapendeka munda unali utagona pansi m'mizere yowongoka, kupatula chisumbu cha barele chakumunsi, kanjira kake, ndi kachitsotso ka pa chisa cha nkhwali. Kunena zoona, unali munda wosaoneka bwino kuposa yonse imene ndinadulapo.

Tinazimitsa injini n'kukhala pansi pa mtengo wa azitona uja. Mbarka anawiritsa tiyi wina. Sitinadikire nthawi yaitali. Dzuwa lisanalowe, mbawala ya khutu long'ambika inatulukira m'mphepete mwa thundu, inaima, inanunkhiza mphepo. Inatsika m'tchire la kukhwawa osaonekanso, kenako tinangoona barele wa m'kanjira akugwedezeka. Patapita kanthawi mutu wake unatulukira pakati pa mkwatibwi, ndipo pansi pa mimba yake panali kanthu kakugwedeza mchira.

Palibe anaimba nthungululu. Si Lazhar anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya n'kunena kuti fumbi la msipu limamuvuta.

"Unakakwirira pati?" anandifunsa apongozi.

Ndinaloza. Panali pa mikono iwiri kuchokera pamene anakhala, pamene ndinasanjikapo miyala itatu kuti nkhandwe zisafukule.

"Miyala imeneyi ndimaikapo ketulo yanga," anatero. "Ukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanakutukwana mpaka madzulo, tikanalira tsiku limodzi, basi. Taona tsopano amene analipira."

Si Lazhar anati galu sangamasulidwe kamwanako kasanalimbe miyendo, chifukwa galu ndi galu ngakhale akhale wosalakwa, ndipo anati wodzamumasula ndidzakhale ineyo, Tijani. Mvula inabweradi Loweruka, msipu uli kale m'khola. Patatha milungu itatu apongozi anaona kamwana kaja kakudumpha mpanda pambuyo pa mayi wake, ndipo ananditumizira mawu kuti nthawi yakwana.

Ndinapita kwa Si Lazhar m'mawa nditatenga fupa la nkhosa. Akuluakulu awiri aja anali atakhala pakhonde, akumwa khofi. Ndinagwada pansi pa mkuyu n'kumasula unyolo. Pakhosi pa Barudi ubweya unali utatha, panatsala chikopa chokha. Ndinaponya fupa patali, pa udzu.

"Pita, Barudi. Thamanga!"

Anadzuka, anathamanga masitepe anayi, n'kuima pamene bwalo la dothi linkathera. Anayang'ana fupa, anayang'ana ine, anagwedeza mchira. Anazungulira m'mphepete mwa bwalolo monga ankachitira chaka chonse, anabwerera pomwe paja, n'kukhala pansi akulira pang'onopang'ono. Si Lazhar anamuitana ndi likhweru, galuyo anatukula phazi limodzi n'kulibwezanso.

Ndinali ndi minda itatu yondidikira tsiku limenelo. Ndinakhala pansi pa udzu, kunja kwa bwalo lija, ndinatambasula dzanja, ndipo ndinayamba kumuitana.